Mariveti a Pabedi Langa

Tsiku limene tinasamuka m'nyumba ya kampani, katundu yense anatuluka mwaulemu kupatula bedi langa.

Amuna anga anali atangopuma pa ntchito kufakitale yopanga mawilibala ndi makabati achitsulo, ndipo nyumba ija anali ataipereka kale kwa munthu wina woti alowe madzulo a tsiku lomwelo. Ife tinali titamanga yathu kumapeto kwa tauni, yaing'ono ndithu koma yathuyathu. Lole inafika m'mawa. Mipando inakwera, mapoto anakwera, ngakhale wailesi yakufa imene amuna anga akhala akulonjeza kukonza kuyambira ana ali kusukulu inapeza malo. Kuchipinda kunatsala bedi lokha, matiresi atachotsedwa kale.

Kufakitale amuna anga ankawatchula kuti a Mpakakale, ndipo dzinali analikhetsera thukuta. Iwo ndi munthu wa mariveti. Kwa inu amene simunakwatiwe ndi munthu wotere, riveti ndi kamsomali kakafupi, konenepa, kokhala ndi mutu mbali imodzi. Umaboola zitsulo ziwiri zimene ukufuna kulumikiza n'kulowetsa kamsomaliko pabowo. Mnzako amatsamiritsa chitsulo cholemera kumutu kwake kuti kasabwerere m'mbuyo, iwe n'kumakhoma mbali inayo ndi hamala mpaka nsonga itaphwatalala n'kusanduka mutu wachiwiri. Zikatero nkhani yatha, palibenso chomasula. Amuna anga akamaliza kukhoma ankapukuta hamala pa ovololo n'kunena kuti, "Izi ndiye zagwirana mpaka kale." M'nyumba mwathu anakhoma chilichonse chimene chinalakwitsa n'kugwedera iwo akuona: chogwirira cha ketulo, ndowa yosambira, lamba wa chikwama changa cha kutchalitchi. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'anitsitsa magalasi anga owerengera, ndipo kuyambira pamenepo ndimagona nawo pansi pa pilo.

Mdani wawo wapamtima ndi mlamu wawo, achimwene anga a bere limodzi, amene anthu amawati a Sipanala. Iwowa amakonza mapampu a madzi, ndipo chikhulupiriro chawo chonse chili pa bawuti ndi nati. Sipanala siichoka m'thumba lawo lakumbuyo, moti matalauza awo onse anabooka malo amodzi. Anthu awiriwa akakumana, tiyi amazizirira m'makapu.

"Alamu, chitsulo chimafuna kuchipatsa mpata," amatero achimwene. "Bawuti ukamanga lero, mawa chinthu chikavuta umamasula, n'kukonza, n'kumanganso. Inu mukakhoma zanuzo ndiye kuti mwagamula mlandu osamva mbali inayo."

"Nanga nati yanu ija inagwera m'chitsime inamva mbali iti?" amayankha amuna anga. "Zanuzo sizidikira sipanala, alamu. Zimayamba kumasuka zokha inu muli m'tulo."

Tsono bedi limeneli analipanga ndi achimwene, mphatso yanga pamene ndinkalowa m'banja. Ndi lachitsulo chochindikala, kumutu kwake kwakutali kofika pachifuwa, ndi timaluwa tachitsulo topindidwa bwino. Analibweretsa lili m'zidutswa n'kulimangira m'chipinda momwemo ndi mabawuti. Pomaliza anandipatsa kasipanala m'manja, mwamuna wanga watsopanoyo ataima pomwepo.

"Achemwali, awa akakuvutani musalire ayi," anatero. "Mungomasula bedi lanu, mubwere kwathu."

Tonse tinaseka. Ndikamakumbukira bwino tsopano, mmodzi wa ife anaseka pang'ono chabe.

Pabedi limenelo ndi pamene ndinayamwitsira ana anga onse. Ndi pamene ndinadwalira n'kuchira, pamene tinanong'onezana mavuto amene ana sanayenere kumva. Munthu akanandiuza kuti ndisankhe pakati pa bedilo ndi katundu yense amene anali pa lole, ndikanati loleyo izipita.

Achimwene anabwera kudzatithandiza kusamuka, ndipo nthawi ya bedi itakwana analowa m'chipinda akuimba mluzu, sipanala ili m'manja.

"Adalaivala, musazimitse injini," anakuwa motumbwa. "Bedi ili ndinalipanga ndine. Musanamalize kuyasamula likhala lili m'zidutswa."

Anagwada pakona, n'kutambasula mkono, kenako anangoti duu. Anakwawira pakona ina. Anavala magalasi. Anakanda penti ndi chikhadabo. Pamene panayenera kukhala nati panali kamutu kozungulira, kosalala ngati batani la jekete.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "mabawuti anga ali kuti?"

Amuna anga mwadzidzidzi anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri kudenga.

Ndinawafotokozera ndine. Chaka choyamba cha banja lathu amuna anga anadandaula kuti bedi likulira, kwii kwii, ndipo likuwasowetsa tulo. Loweruka lina anabwera ndi mariveti m'thumba la ovololo, anachotsa mabawuti onse, ndipo ine ndemwe ndinagwira chitsulo cholemera chija iwo akukhoma. Mikono inandiwawa sabata yathunthu. Achimwene sanadziwe kanthu zaka zonsezi, chifukwa mlamu angafunenji kuchipinda kwa eni ake?

"Mwandiphera bedi," anatero achimwene atagwira m'chiuno. "Alamu, munthu ndakupatsani mlongo, ndakupatsani bedi, inu n'kulikhoma ngati wilibala?"

"Lagwedera liti?" anafunsa amuna anga.

"Nanga lituluka bwanji?"

Funso limenelo linalibe mwini. Tinayamba ndi nzeru za anthu wamba. Analipendeketsa, miyendo kuloza kukhoma, koma kumutu kunakakamira pafelemu ya chitseko. Analiimika chilili, linagunda denga n'kugwetsera fumbi m'maso mwa adalaivala, amene anali atabwera kudzathandiza. Pawindo panalibe poyambira chifukwa cha zitsulo zotchingira akuba. Anazula chitseko, bedi linatulukako theka, koma kanjira ka m'nyumba za kampani n'kopapatiza ndipo kamakhota pomwepo. Bedi linangoima pakhomo, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Achimwene anatsekeredwa mkati, amuna anga kunja, akukalipirana kudzera m'mawaya a bedi. Kulibweza m'chipinda kunadya thukuta loposa kulitulutsa.

Adalaivala anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mabwana, ine ndili ndi ulendo wina masana ano. Bwanji tingolidula pakati ndi sowo, kutsogoloko mukaliwotcherere?"

Chilowereni m'banja ndinali ndisanaonepo alamu awiriwa atagwirizana pa chilichonse. Tsiku limenelo anatembenuka nthawi imodzi n'kumuyang'ana munthu wosalakwayo ngati watukwana pagulu.

"Kuwotcherera?" anatero achimwene. "Ntchito ya anthu othamanga magazi."

"Kumata chitsulo ngati chigamba cha tayala," anawonjezera amuna anga.

Adalaivala anakweza manja m'mwamba n'kupita kukakhala m'lole mwawo. Anatiuza kuti dzuwa likafika paliwombo iwo aliza galimoto, bedi likhalepo kapena lisakhalepo.

"Njira ndi imodzi basi, alamu," anatero achimwene. "Tengani tchizulo ndi hamala, mudule mitu ya tizinthu tanuti."

Nkhope ya amuna anga inagwa. "Ine sindinadulepo riveti imene ndinakhoma ndekha." Kenako anatembenukira kwa ine ndi mawu aja ofewa amene amagwiritsa ntchito akafuna kundidyetsa zosadyeka. "Mayi, bedili lakalamba. Tingowasiyira amene akubwerawa. Ndikugulirani latsopano, lathabwa, lija munalisirira musitolo."

Apa ndiye anandiputa. Ine ndimachedwa kupsa mtima, ngakhale ana anga angakuuzeni zina, koma kundiuza kuti ndisiyire anthu osawadziwa bedi langa chifukwa choti bambo wina akunyadira timisomali take, ayi. Ndinakwera pabedi, pamawaya penipeni popanda matiresi, n'kupinda manja.

"Mukawauze amene akubwerawo," ndinatero, "kuti nyumba aipeza ndi bedi, ndipo bedi alipeza ndi mayi. Ine pano sinditsika."

Mawaya ankandibaya koopsa, koma sindikanalola kuti wina aone.

Nthawi yonseyi achimwene ankazungulira bedi akung'ung'udza. Nkhani ya kulira ija inali itawakhala pamtima kuposa ya mariveti.

"Kulira? Bedi langa ine kulira? Achemwali, munalimva ndi makutu anu?" Anagogoda pakona ndi sipanala. "Pa nati iliyonse ndinaika washala wa sipuling'i, uja wodulidwa amene amaluma chitsulo kuti nati isabwerere. Mukanadumphapo ndi ana onse a mumzere uno, bedi limeneli silikanati kwii."

Ndinafufuza m'mutu mwanga monse, sindinapezemo kulira kwa bedi. Ndinapezamo china. Masiku ochepa mariveti asanabwere, ine ndi amuna anga tinakangana koopsa, mkangano wathu woyamba, ndipo nkhani yake inali ya makatani. Ndili mtsikana wamagazi otentha, ndinatenga kasipanala kaja, ndinagwada pakona ya bedi n'kuyamba kumasula nati, misozi ili mbwembwembwe. Ndinkangofuna kuwaopseza. Natiyo inatembenuka kamodzi n'kukana, ine ndinatopa, ndipo pofika madzulo tinali tikumwera tiyi limodzi. Pasanapite nthawi kasipanala kanasowa m'kabati, ndipo bedi linayamba kulira m'makutu mwa munthu mmodzi yekha.

"Achimwene," ndinatero, "tapitani mukawapatse adalaivala madzi akumwa."

Achimwene anandiyang'ana, anayang'ana alamu awo, n'kutuluka mwakachetechete, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Bambo, bedili linkalira?"

Amuna anga anakhala pansi pasimenti, msana atatsamira khoma. Anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Silinkalira."

"Nanga?"

"Munagwada apo," anatero akuloza pakona ndi chibwano. "Nati ija itangotembenuka, ine ndili pakhomo, mantha anandigwira. Nthawi imeneyo ndinalibe kalikonse, mayi. Nyumba ya kampani, mipando yobwereka, nkhopeyi ndi yomwe mukuionayi. Ndinadziwa kuti inu simungachoke n'kusiya bedi lanu. Mawu okugwirani nawo ndinalibe, pakamwa panga mumapadziwa. Ndinali ndi mariveti basi."

"Ndiye munandigwiritsa chitsulo ine ndemwe?"

"Riveti siikhomeka ndi munthu mmodzi."

Ndinayesetsa kukwiya. Ndinasonkhanitsa mawu abwino kwambiri, akuthwa, oyenera munthu amene wakunamiza kuyambira uli mtsikana mpaka imvi. Koma nditawayang'ana atakhala pansi paja, dazi likunyezimira ndi thukuta, chimene chinatuluka ndi phwete. Ndinaseka mpaka mawaya a bedi anayamba kundigwedeza, ndipo penapake pakati pa kusekako ndinapezeka ndikulira. Ndinamumvera chisoni mnyamata uja amene anaima pakhomo ali chete, mantha akumudya, ndipo nkhalamba imene anasandukayo ndinaikonda kuposa tsiku lina lililonse.

"Bambo inu," ndinatero ndikupukuta m'maso, "ndiye mukuganiza kuti zaka zonsezi ndakhala muno chifukwa khomo ndi lopapatiza?"

"Sindinafune kuyesa," anayankha.

"Katengeni tchizulo."

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira kuposa mmene bedi linalirirapo, n'kukatsitsa bokosi lawo la zida pa lole. Ine ndinatsika pamawaya paja ndili ndi mizere kumbuyo konse. Ankaika tchizulo pansi pa kamutu ka riveti, n'kumenya, kamutu n'kuthethekera kukhoma. Kenako n'kugogoda chotsalacho ndi kachitsulo kosongoka mpaka chitagwera mbali inayo. Koyamba anamenya atatseka maso. Pofika pakona yachiwiri mtima unali utakhala pansi, ndipo kunyada kunali kutabwerera.

"Taonani, alamu," anatero akuonetsa achimwene chidutswa chonyezimira. "Zaka zonsezi ngakhale dzimbiri silinapeze polowera."

"Ndaona," anatero achimwene. "Ndaonanso kuti dzuwa lili pamutu ndipo tikadali pano."

Bedi linagawanika, kumutu pakokha, kumiyendo pakokha, zitsulo zam'mbali pazokha, ndipo linadutsa pakhomo paja mosavuta ngati silinavutepo munthu. Adalaivala anaomba m'manja. Anatifunsa ngati kulinso china chokhomedwa m'nyumbamo, amuna anga anayamba kuganizira, ine ndinawakankhira m'lole.

Tinafika kunyumba yatsopano dzuwa litapendeka. Fungo la penti linali lisanathe, ndipo mawu ankamveka kawiri m'zipinda zopanda kanthu. Achimwene anakhuthula kathumba kawo ka mabawuti atsopano pasimenti n'kupinda mikono ya shati, koma amuna anga anawagwira paphewa.

"Ndimanga ndekha, alamu. Inu muzingondiuza."

Ndikanakhala ndi chojambulira ndikanajambula nkhope ya achimwene. Anakhala pandowa yovundikira, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuyamba kulamula munthu amene akhala akukangana naye moyo wawo wonse. Bawuti ilowere kunja. Washala kaye, kenako nati. Musamange kona imodzi mpaka kumapeto, muziyendayenda, apa pang'ono apo pang'ono, kuti bedi likhale mowongoka. Osakoka ngati mukuzula chitsa, alamu, si riveti imeneyo. Amuna anga ankangoti "chabwino, alamu," ndipo ndikukhulupirira kuti achimwene sanadyepo chinthu chokoma kuposa mawu amenewo.

Bedi litaima, amuna anga analigwedeza. Silinati kwii. Kenako anagwada pabokosi lawo la zida, anachotsa mahamala, anachotsa zitini za misomali, ndipo pansi penipeni anatulutsa kansalu kakuda ndi oyilo. Anakafunyulula. Munali kasipanala kanga, kowala ngati kagulidwa dzulo.

"Ndinakuberani, mayi," anatero akundipatsa ndi manja awiri. "Tengani. Tsopano bedi ndi lomasuka, ndipo khomo la chipinda chino ndinauza amisiri kuti alikulitse."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke. Munthuyu ankanena zoona. Anali atandibwezera njira yotulukira, ndipo ankadikira kuti aone chimene ndichite nayo.

Ndinayang'ana kasipanala, ndinayang'ana bedi. Mabawuti a achimwene anali atali, moti pa nati iliyonse nsonga inkatulukira kunja pang'ono. Munthu sukhala ndi a Mpakakale mpaka imvi osatolapo kanthu.

"Achimwene, nayi sipanala yanu," ndinatero. "Mukakonzere mapampu. Bambo, hamala ija mwaika kuti?"

Anandipatsa, ali kakasi.

"Tengani chitsulo chanu cholemera chija. Tsamiritsani kumutu kwa bawuti iyi. Gwirani zolimba."

Anagwada mbali inayo n'kutsamiritsa. Ndinakwinya diresi pakati pa mawondo, ndinayeza bwino, n'kumenya nsonga ya bawuti. Khoo! Ndinamenyanso. Chitsulo chinayamba kuphwatalala pamwamba pa nati.

Achimwene anadumpha pandowa paja ngati alumidwa ndi mavu. "Achemwali! Mazinga! Mukupha mazinga a bawuti! Nati imeneyo sidzatulukanso!"

"Ndikudziwa, achimwene."

"Ndiye mukadzafuna kusamuka?"

"Kupita kuti?"

Anagwira kumutu n'kutuluka panja, akudandaula kuti m'nyumba muno misala ndi yopatsirana. Ife tinapitiriza, kona ndi kona, ine kukhoma, amuna anga kugwirira. Mitu yanga inatuluka yokhota, ina yophwanyika m'mbali, ntchito yoti kufakitale akanandithamangitsa tsiku lomwelo. Ndinkangoona mapewa a amuna anga akugwedezeka, ndipo sindinafunse ngati ankaseka kapena ayi.

"Gwirani bwino, bambo, chitsulo chikuvina," ndinawauza pa bawuti yomaliza.

Nditamaliza ndinawapatsa mpata kuti anene mawu awo aja. Iwo anangosisita mutu wa bawuti ija ndi chala. Ndiye ndinapukuta hamala pa diresi langa n'kuwanenera ndine.

"Izi ndiye zagwirana mpaka kale."